Tinawadulitsa Zala a Idah

Munthu wa kabaza safuna sikelo. Ine ndapalasa njinga pa Luchenza zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ntchafu zangazi zimadziwa kulemera kwa aliyense wa kuno. Mungokhala pa kaliyala, ndipalase kawiri, ndikuuzani ngati kwanu munakolola kapena munangolima. Sukulu ndinalekezera sitandade 5, koma pa nkhani ya makilo ngakhale kalaliki wa pa esiteti ya tiyi sangandiuze kanthu.

Dzina langa ndine Zakeyu. Amene amandidziwa akudikira kuti ndiwaseketse, poti ndiyo ntchito yanga yachiwiri. Pepani. Lero ndakwiya, ndipo mmodzi mwa anthu amene ndawakwiyira ndi ine ndemwe.

Nkhani ndi ya alamu anga a Idah, akulu ake a mkazi wanga Triza. Ine ndine mkamwini pamudzi pawo, khomo lawo ndi langa amayang'anizana.

A Idah anayamba kuthyola tiyi ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Nthawi imeneyo anali kamunthu kowonda, akabereka dengu mumangoona ngati dengulo likuyenda lokha m'mizere. Koma manja! Onse awiri ankajompha masamba ngati nkhuku zanjala, ndipo pa sikelo panalibe wowaposa. Tiyi amene anamuthyola zaka zonsezo sanamulawepo, poti ndi a Sabata enieni, osati ngati ine amene ndinalowa mpingo chifukwa cha Triza ndipo tiyi wanga ndimakamwera kuseri kwa sitolo ya a Hamdan.

Amuna awo, a Eliya, ankagwira ntchito mufakitale. Anayamba chifuwa, anaonda mpaka mawondo kukula kuposa ntchafu, namwalira mu 2004. Amene munalipo zaka zimenezo mukudziwa. Kuonda unali mlandu, ndipo aliyense wokhala ndi maso anali woweruza. Pamaliro paja anthu sankayang'ana bokosi, ankayang'ana mafupa a pakhosi pa namfedwa. Pa mjigo, chikho chimene amwera a Idah chinkatsukidwa kawiri. Mayi wina, poyesa kuti akunong'ona, anati, "Awanso mvula ya chaka cha mawa saiona." Iwo anamva.

Anakayezetsa, anawapeza alibe kachilombo. Ndipo akanawapeza nako, unali mlandu wanji? Ndili ndi anzanga pa siteji amene akumwa mankhwala, amandipitirira pa chitunda ine ndikupuma ngati galu. Koma pepala la kuchipatala sungaliwerengere mudzi wonse. Ndiye a Idah anaganiza zoyankha ndi thupi.

Anadya, abale. Mwayi unawagwera pamene kapitawo anawasamutsira kukhitchini ya esiteti, kophika phala la othyola. Madzulo ankakazinga mandasi ndi zitumbuwa zogulitsa pa shedi yoyezera masamba, zotsala zonse n'kumaliza okha. Madzi otentha m'kapu, mkaka, shuga masipuni anayi. Thupi linabwera. Pakamwa pa anthu panatembenuka tsiku lomwelo. "Eee, mwanenepatu! Akukusungani ndani?" Chikho chija chinasiya kutsukidwa kawiri. Ana awo anayi anakula opanda wowaloza chala.

Ine ndinawapatsa dzina loti Thirakitala, ija imakoka masamba kupita kufakitale. Ankaseka, n'kundimenya kumsana, ine n'kumati akondwa.

Koma wa kabaza amamva zinthu. Munthu akakhala kumbuyo kwako amaiwala kuti uli ndi makutu. A Idah ankayankhula okha njira yonse, chapansipansi. Tikadutsa pa gulu la amayi ndinkamva, "Idya Idah, usawapatse pokambira." Tikafika pa chitunda, ine n'kutsika kuti ndikankhe njinga, mawu ankasintha: "Chimthumba iwe. Umupha mwamuna wa mwini." Akaonda adzitukwana, akanenepa adzitukwana. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu munthu akuyenda ndi kapitawo wankhanza m'mutu mwake, wosapita pa tchuthi. Ine ndinkamva zonsezo, n'kumangowonjezera nthabwala pamwamba.

Chaka cha 2022 anayamba ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, maso kuchita chifunga. Munga unawabaya kuphazi, bala osapola mwezi wathunthu. Triza anati, "Achemwali, mawa tikupita kuchipatala, mufune musafune." Ndinawanyamula ndine mpaka kuchipatala cha mishoni.

Tinapeza nesi wachitsikana, a Joy, mwana wa mayi wina amene ankathyola nawo tiyi kale. Anawakweza pa sikelo. Makilo 104. Ine ndinali nditanena 105 tili panjira, ndiye musandiderere.

A Idah anayang'ana manambalawo n'kunena motsitsa mawu, "Chinkhumba iwe."

Wa Sabata kudzitchula nkhumba, mukudziwa kulemera kwake.

"Mayi, mwati chiyani?" anatero a Joy.

"Iyayi, palibe."

"Ndamva. Nkhumba ndi ndani muno? Ine kapena bambo awa?"

"Bambo awa," ndinayankha ndine, koma palibe anaseka.

A Joy anakoka mpando n'kukhala pafupi. Anawauza zonse osazungulira: matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, ndiponso kuti bala lijalo likapanda kusamalidwa, shuga n'kumangokwera, mwendo udzadulidwa. Anawapatsa mankhwala. Anati achepetse zotsekemera ndi zokazinga, achulukitse nandolo ndi masamba, aziyenda tsiku lililonse bala likapola, azigona mokwanira. Kenako anati, "Koma mankhwala oyamba ndi awa. Mawu mwanena aja, mungamuuze mwana wanu wamkazi?"

"Ndingamuuze bwanji?"

"Nanga mukumuuziranji Idah? Thupi ili labereka dengu, labereka ana anayi, laika mwamuna m'manda. Silinakulakwireni. Munthu amene mukumutukwana simungamusamale, mayi."

A Idah analandira mankhwala awo. Pobwerera sanayankhulenso okha, njira yonse zii, mpaka ndinacheuka kuona ngati sanagwe.

Ndipo anachita zimene anauzidwa. Ndikufuna izi zimveke bwino, chifukwa pali ena amati munthu wonenepa ndi waulesi. Bala litapola anasiya kukwera njinga yanga. M'mawa uliwonse ankadzera njira ya m'minda ya tiyi, chitunda chonse chija, wapansi. Sabata yoyamba ankapuma kasanu. Tsiku lina ndinawapeza panjira, n'kuyenda nawo pang'ono ndikukankha njinga, ndipo ndinamva mawu atsopano: "Tiye Idah. Mpaka pa bulugamu uyo basi. Wafika. Wachita bwino. Tiye winayo." Mandasi anasiya, anayamba kugulitsa nthochi ndi mapeyala. Patatha miyezi isanu ndi umodzi sikelo inati 89. Ankamanga okha zingwe za nsapato. Kutchalitchi ankaima nyimbo zonse osagwira benchi. Tulo tinabwerera, mutu unasiya kuwawa. Triza ankati achemwali ake ayambanso kuimba akamasesa, chinthu chimene anachisiya a Eliya ali moyo.

Apa ndiye pakulowa pakamwa panga.

Linali Lachisanu, tsiku la msika, pa siteji podzaza anthu. A Idah akudutsa wapansi, lichero la nthochi pamutu, diresi likuwapepera. Mnzanga Shaban anati, "Aise Zakeyu, Thirakitala yako ija yatani? Siikukweranso?"

Ndikanangoti akuyenda chifukwa cha shuga. Mawu anayi okha. Koma anthu anali ambiri, ndipo ine ndikaona anthu ambiri lilime limandiyabwa. Ndinakuwa, "Alamu! Mukuthatu ngati sopo wa pa mjigo! Kodi a Eliya akukuitanani?"

Siteji yonse inagwa ndi phwete. A Idah anaima, anandiyang'ana, n'kupitirira. Sanandimenye kumsana.

Pakati pa anthu amene anamva panali mayi a Gracious, mkulu wa amayi kumpingo kwathu. Si munthu woipa, ndipo n'zimene zimandipweteka kwambiri. Ndi mayi amene pamaliro amafika woyamba n'kuchoka womaliza. Sabata isanathe mudzi wonse unali utagwirizana kuti chimene chinatenga a Eliya chabwerera mkazi wawo.

Lamulungu masana tinamva nyimbo ikubwera. Amayi asanu ndi atatu, mayunifomu ochapa bwino, katundu pamutu. Kuzonda odwala. Anayala mphasa pakhonde pa a Idah n'kuyamba kutula: shuga mapaketi atatu, buledi awiri, majarini, mkaka wa m'chitini, botolo lalikulu la juwisi wosungunula uja. Kuno ndi mmene timazondera. Wodwala timamupatsa zotsekemera kuti apeze mphamvu, ndipo wodwalayo ayenera kulawa alendo akuona. Akakana ndiye kuti wakana anthu, wakana mapemphero.

"Zikomo amayi," anatero a Idah, "koma ine kuondaku n'kwadala. Ndili ndi shuga. Anesi anati ndichepetse thupi."

Mayi a Gracious anamwetulira, n'kuwagwira dzanja. "Eya, achemwali. Onse amatero poyamba. Musachite manyazi, ife ndi anu."

"Ndikunena zoona. Buku la kuchipatala lilipo, ndikatenge?"

"Za mabuku zisiyeni. Alipo munthu angaonde dala? Thupi labwinobwino lija? Ngakhale alamu anu omwe aona, ananena okha pa siteji."

Maso onse kwa ine. Ndinali nditakhala pa mtondo, mamita atatu kuchoka pamphasa.

Triza anayesa. "Amayi, juwisiyo anawaletsa."

"Iwe Triza, m'bale wako akutha uku ukuona, ukumumananso chakumwa? Bweretsa kapu." Anathira juwisi mpaka theka, madzi pang'ono chabe. "Tisasungunule kwambiri, odwala amafuna mphamvu. Imwani achemwali, thupi libwerere. Mtsikana wanu uja akufunsiridwa, eti? Akuchimuna akamva kuti mayi ake akuonda, aganiza bwanji?"

A Idah anayang'ana kapuyo nthawi yaitali. Ine, Zakeyu, amene ndimatha kuletsa minibasi ndi mawu okha, amene sindinasowepo choyankha chibadwire, ndinangoti duu. Ndinkaopa kuoneka mwamuna wolowerera za amayi. Ndinkaopanso kuvomera pagulu kuti nthabwala yanga inali yopusa.

Anamwa. Makapu awiri, ndi buledi wopaka majarini mokhuthala. Amayi anawomba m'manja, anapemphera pemphero lalitali lokoma, napita akuimba.

M'mawa mwake a Idah anaima pakhomo panga. "Alamu, tulutsani njinga."

Panjira ndinayamba, "Alamu, zija za pa siteji zinali zocheza chabe."

"Palasani. Ntchito yanu ndi ya miyendo."

Titafika pa chitunda ndinamva kapitawo uja wabwerera: "Unkadziyesa ndani iwe? Wachititsa manyazi ana. Idya."

Chiwaya cha mandasi chinabwerera pamoto. Kuchipatala anasiya kupita, poti munthu woonekera pa mzere wa mankhwala mwezi ndi mwezi ndiye kuti akutsimikizira anthu zimene akunena. Mankhwala atatha, anatha. Triza akawafunsa, ankati, "Iwe sunakhalepo namfedwa, khala chete." M'miyezi inayi thupi lonse linabwerera, ndi lina lowonjezera, ntchafu zanga zinkandiuza tsiku ndi tsiku. Kutchalitchi mayi a Gracious anaimirira kuchitira umboni kuti mapemphero ayankhidwa, mlongo wathu wanenepanso. Mpingo unati amen. Inenso ndinati amen, ndisaname.

Mvula itayamba, a Idah anaponda chinachake m'matope, kaya botolo kaya lata. Sanamve kuwawa, poti shuga anali atapha kale phazilo. Anangomanga kansalu n'kumavala nsapato. Chimene chinaulula ndi fungo. Triza atavula nsapatoyo mokakamiza, anathamangira kuseri kwa nyumba kukasanza. Chala chachikulu chinali chakuda bii ngati nthochi yowola.

Anadula ziwiri, chachikulu ndi chinzake. Adokotala anati shuga akapanda kutsika, ulendo wina adzadula pansi pa bondo.

A Joy anandipeza pakhonde la wodi. Mwana woti ndingamubereke, koma anandiimika ngati wa sitandade 1.

"Bambo, ndinu a sopo aja?"

"Ndine."

"Miyezi isanu ndi umodzi mayi aja akukwera chitunda. Inu mphindi imodzi. Anthu anaseka?"

"Anaseka."

"Chabwino. Lowani mukaone chimene anasekacho."

Ndatukwanidwa ndi madalaivala, ndi apolisi, ndi apongozi anga omwe, koma sindinamvepo kuchepa ngati tsiku limenelo.

Tsiku lachinayi, nthawi yoona odwala, tinamvanso nyimbo ikubwera m'khonde. Amayi omwe aja. Ndipo mukuganiza kuti ananyamula chiyani? Shuga, buledi, majarini, botolo la juwisi. Ndinaimirira. "Amayi inu, kodi mitu yanuyi—"

"Khalani pansi, alamu," anatero a Idah ali pabedi. "Pakamwa panu tinapamva kale."

Ndinakhala.

"Mayi a Gracious, takulandirani. Katunduyo musaike pansi. Ikani pabedi pano, kumiyendo kuno."

Anaika. A Idah anadzuka pang'ono, anakoka nsalu yofunda, phazi linaonekera, lomangidwa mabandeji, lopanda mutu wake. Amayi awiri anatembenukira kukhoma.

"Musayang'ane kumbali. Zaka zonsezi mwakhala mukuyang'ana thupi langa, lero lokha mukuchita manyazi? Yang'anani botololo, muyang'ane phazili. Ndinakuuzani kuti ndili ndi shuga. Ndinakuuzani ndi pakamwa panga, pakhonde panga. Munakhulupirira wa kabaza."

"Achemwali, ife tinabwera ndi chikondi," anatero mayi a Gracious.

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndinamwa. Mukanabwera ndi chidani ndikanakupirikitsani ndi tsache, zala zanga zikanakhalapo zonse."

"Ndiye mukuti tinakudulani ndife?"

"Kapu ndinanyamula ndekha. Mlandu umenewo ndi wanga, ndipo ndathana naye Idah, sindimutukwananso. Koma inu mumve. Ndionda. Ndiondanso kuposa paja. Mukafuna kunena kuti ndili ndi kachilombo, nenani, si chitukwano. Mukafuna kuuza akuchimuna a mwana wanga, ndikupatsani nambala yawo ya foni. Mwendo uwu sindikupatsani."

Gogo wina pabedi loyandikana anati, "Auzeni, mayi."

Mayi a Gracious anakonza duku lawo. "Ife katundu wa odwala sitibwerera naye."

"Lero mubwerera naye. Mukafuna kundizonda, ndikatuluka mudzabwere m'mawa mutavala nsapato, tidzayende limodzi. Enanu mukupuma movutikira pongochokera pageti apa, ndakumvani."

Anatola katundu wawo. Pemphero linali lalifupi tsiku limenelo. Potuluka panalibe nyimbo.

Musaganize kuti mudzi unasintha. Mwa amayi asanu ndi atatu aja, amene anabwera ndi nsapato ndi mmodzi, ndipo anabwera chifukwa nayenso anali atayamba ludzu losatha. Mayi a Gracious mpaka lero amapatsa a Idah moni wozizira, wa chala chimodzi, ndipo amauza anthu kuti a Idah ndi osayamika. Mwezi wathawu ndinanyamula mayi wina wopita kukazonda m'bale wake wa shuga, ndipo kumbuyo kwanga ndinkamva mabotolo akugundana. Ndinaima pakati pa msewu n'kumuuza nkhani yonseyi. Anati, "Bambo, ndakwera njinga kapena ndakwera wailesi?" N'kupita nawo mabotolo ake. Timakonda munthu mpaka kumuika pa tebulo la adokotala, kenako n'kumati chinali chifuniro cha Mulungu. Zimandinyansa.

A Idah anapuma ntchito ya pa esiteti. Kuyenda anaphunziranso ngati mwana, poti munthu wopanda chala chachikulu amapendekeka. Anayamba ndi ndodo, kuchoka pakhomo kufika pa mjigo. Pano amafika ku Luchenza n'kubwerera, mu nsapato zofewa zimene a Joy anawauza kuti asamavule ngakhale m'nyumba. Madzulo aliwonse Triza amawayang'ana mapazi ndi kagalasi, chala ndi chala. Tsiku limene adya zosayenera, poti limakhalapo, paukwati kapena pa Khirisimasi, sagona nazo. Amangoti, "Zachitika, Idah. Mawa m'mawa nsapato." Ukwati wa mwana wawo unachitika, akuchimuna sanafunse n'komwe za makilo a apongozi.

Ine anandikhululukira theka. Amandiyankha moni, amadya nandolo wa kwathu, koma ndikangoyamba kutsegula pakamwa pagulu amakweza chala chimodzi m'mwamba, ine n'kumeza mawu.

Lachiwiri lapitali linali tsiku lokaonetsa phazi. Anandilola kulowa nawo, mwina kuti ndizionabe. Sikelo inati 84. Shuga anali pabwino. Kenako a Joy anati agone chagada, atseke maso, n'kutenga kachingwe kolimba ngati ka mbedza, koyesera ngati phazi likumva.

Anagunda pamene panali zala paja. "Mukumva?"

"Ayi."

Anagunda chapakati. "Nanga apa?"

"Pang'ono. Ngati nyerere."

Anagunda chidendene.

"Mayo! Iwe mwana, ukufuna kundiboola?"

A Joy anaseka mpaka kugwira tebulo. Anagwira pa akakolo kumvera magazi, anawerenga chamumtima, n'kulemba m'buku. "Mwendo uwu ndi wanu, mayi. Adokotala akasake ntchito kwina."

A Idah anadzuka, anavala sokosi mosamala, kenako nsapato. Ine ndinali nditayamba kale kupukuta maso ndi chipewa.

"Mukulira chiyani, alamu?" anatero. "Zala zotsalazo ndi zisanu ndi zitatu. Kankhani njinga yanuyo tizipita, dzuwa lisanatenthe."